Pijo ya agogo ndi kulira kwa timiyala m'chitini

Achemwali anga atatsimikiza zoti madyerero a ukwati wawo adzachitikira ku Senga Bay, anatilola kutsutsana nawo pa za mtundu wa nsalu, za keke ndi za woimba nyimbo. Chinthu chimodzi chokha anakaniratu kukambirana: pochoka kutchalitchi adzakwera Peugeot 504 ya malemu agogo athu. Wina anatchula za Fortuner yobwereka, iwo anangomuyang'ana, nkhani n'kuthera pomwepo.

Pijo imeneyi inafika pakhomo pathu amayi anga asanakwatiwe. Yanyamulapo chimanga, odwala, akwati ndi maliro a pamudzi. Agogo atatisiya inatsala m'manja mwa amalume ku Lilongwe, omwe amaitsuka Loweruka lililonse ngakhale isanayende sabata yonse. Kampani ya Peugeot inayamba kupanga 504 mu 1968, ndipo ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 chifukwa inkapirira misewu ya kuno. Koma lero injini yake ikafa, zipangizo sizipezeka pa shopu iliyonse. Sabata ya ukwatiyo tinatsala pang'ono kuipha, ndipo mmodzi mwa olakwa ndinali ine.

Nkhani inayambira ku Lilongwe. Mnyamata wina wokonza galimoto anaikweza timing "kuti izikoka bwino", ndipo zoonadi m'tauni inkathamanga ngati yabwerera ku utsikana. Nthawi imeneyo mafuta ankasowa. Tinaima pamzere maola atatu n'kupeza ochepa chabe. Lachisanu m'mawa tinanyamuka pa msewu wa M14, kudutsa pa Chezi, kutsetsereka mapiri a ku Mvera mpaka kulowa m'chigwa chotentha cha Salima. Unali mwezi wa October, ndipo odziwa Salima akudziwa kuti nthawi imeneyo ngakhale mthunzi umatentha.

Pa boma tinapeza mzere wina wautali. Ine ndi nzeru zanga za kusukulu ndinati tisataye nthawi, pali anyamata a zigubu kuseri kwa msika. Ndinagula malita 10, tinathira, tinanyamuka.

Madzulo ake tikupita ku Senga Bay, tili anthu asanu, m'buti muli makreti a zakumwa, amalume anaponda moto galimoto ili mu giya yomaliza. Pomwepo injini inayamba kulira mwachilendo, ngati munthu akugwedeza timiyala m'chitini. Akachotsa phazi, zii. Akapondanso, timiyala tija tayambiranso. Amalume anazimitsa wailesi, nkhope itasintha.

Ndinatulutsa foni. Mphindi zisanu zisanathe ndinali nditaonera kanema wa bambo wina wa ku America akufotokoza kuti galimoto zakale zimafuna petulo wa "93 premium". Ndinalengeza molimba mtima kuti vuto ndalipeza, Pijo ikufuna octane wapamwamba.

"Chabwino," anatero amalume. "Ndiye premium wakoyo timugula kuti ku Salima kuno?"

Ndinalibe yankho.

Madala a pansi pa mtengo wa mango

M'mamawa wa tsiku la ukwati tinabwerera cha ku Kamuzu Road, komwe anatilozera kwa madala ena amene anayamba kugwira injini nthawi imene ma Pijo ndi ma Datsun anali matola. Sanafunse zambiri. Anamasula paipi ya mafuta, anadonthezera pang'ono pachikhatho n'kudikira. Petulo weniweni amauma msanga, koma uyu anasiya chikhatho chili noninoni. Ananunkhiza.

"Awa mwawatenga kuti, achimwene?" anafunsa amalume. Amalume anangotembenukira kwa ine.

"Mwina awathira palafini, mwina ndi a boti osakaniza kale ndi oyilo," anatero madalawo. Kenako anafunsa komwe galimotoyo imakhala. Atamva kuti ku Lilongwe, anagwedeza mutu. "Ndiye yatsika phiri. Kuno mpweya ndi wolemera, komanso kukutentha. Timing ya kumtunda kuno siigwira."

Anakhetsa thanki, tinapeza petulo wa papampu kwa mlamu wina amene anapopa m'galimoto yake, kenako anamasula kabawuti ka distributor n'kuipotoza pang'ono kwambiri. Anayenda nayo kamtunda, anabwerera, anaipotozanso pang'ono. Timiyala tinatha.

Nditabwerera kunyumba ndinakhala pansi kuwerenga kuti ndimvetse zimene madalawo anachita ndi chikhatho ndi khutu. Zimene ndinapeza ndi izi, ndipo zikukhudza aliyense amene ali ndi Datsun ya bambo ake, Beetle, Land Rover yakale kapena Nissan 1400 imene akulota kudzaikonza.

Octane si mphamvu

Ambirife timaganiza kuti nambala ya octane ikakwera ndiye kuti petuloyo ndi wamphamvu, ngati mmene timaonera ma megapixel a foni. Sizili choncho. Octane amayeza kupirira kwa petulo: angapanikizidwe ndi kutenthedwa kufika pati asanaphulike yekha.

Mu injini ya petulo, pisitoni imakwera n'kupanikiza mpweya wosakanikirana ndi mafuta. Pa nthawi yake pulagi imathetheka, moto n'kuyamba kuyenda kuchokera papulagipo kufalikira mbali zonse mwadongosolo, ngati moto wotentha tchire kuyambira mbali imodzi. Moto woterewu umakankha pisitoni bwinobwino. Koma kupanikizika ndi kutentha zikapyola muyezo umene petuloyo angapirire, gawo lomwe lili kutali ndi pulagi limaphulika lokha moto uja usanafike. Kuphulikako kumamenya zitsulo ngati nyundo, ndipo ndiko kulira kwa timiyala kumene tinamva. Amakanika amati injini ikuchita knock kapena pinking. Zikachitika kamphindi sizipha injini, koma mukazilekerera zimathyola ma ring, kupsereza gasket ya pamutu wa injini, ngakhale kuboola pisitoni imene.

Nambalayo imachokera ku labotale. Akatswiri anasankha mitundu iwiri ya mafuta: iso-octane, amene amapirira kwambiri, anampatsa 100, ndipo heptane, amene amaphulika msanga, anampatsa 0. Petulo wa 93 ndi amene amapirira mofanana ndi magawo 93 a iso-octane osakaniza ndi magawo 7 a heptane. Basi, nambalayo tanthauzo lake ndi lomweli. Ngati injini yanu imayenda osalira ndi 93, kuithira 98 sikuiwonjezera liwiro. Mwangowonjezera ndalama.

Kanema wa ku America uja anandisokonezanso pena. Kuno ku Africa ndi ku Ulaya timagwiritsa ntchito muyezo wotchedwa RON, pomwe mapampu a ku America amalemba nambala ina yotsikirapo, imene imapezeka pophatikiza miyezo iwiri n'kugawa pakati. Petulo amene iwo amati 87, kuno angakhale pafupifupi 91 kapena 92. Amene amati 93, kuno ndi pafupifupi 98. Choncho mukamaonera YouTube, yambani mwadziwa kuti wolankhulayo ali dziko liti.

Chifukwa chake kunyanja n'kosiyana ndi ku Lilongwe

Chinthu choyamba chimene chimalamula octane amene injini ikufuna ndi compression, kutanthauza kuti pisitoni imapanikiza mpweya kangati. Injini zambiri zakale za kuno si zadyera. Land Rover ya petulo ya malita 2.25 inkabwera ndi compression ya 7 kapena 8 kwa 1, ndipo Pijo ngati yathuyi siifika 9 kwa 1. Galimoto zambiri za masiku ano zimapitirira 10 kwa 1, koma zili ndi kompyuta ndi kachipangizo kamene kamamva knock n'kubweza timing pakokha. Pijo ya agogo ilibe zimenezo. Kompyuta yake ndi khutu la woyendetsa.

Chachiwiri ndi timing, nthawi imene pulagi imathetheka. Ikathetheka molawirira, kupanikizika kumakwera kwambiri, galimoto imakoka bwino, koma mwayandikira malire a knock. Mnyamata wa ku Lilongwe uja anaisiya pamalire penipeni.

Chachitatu ndi chimene madala aja anachitcha kulemera kwa mpweya. Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe gombe la Salima lili pa mamita pafupifupi 500. Mukatsika chotero mpweya umathinana ndi magawo 6 kapena 7 pa 100 alionse, ndiye kuti pisitoni ikupanikiza mpweya wochuluka kuposa umene inazolowera. Onjezerani kutentha kwa October, katundu wolemera, ndi mwaye umene waunjikana pamwamba pa mapisitoni kwa zaka zambiri, womwe umachepetsa malo ndi kusunga kutentha. Injini imene inali bwinobwino ku Area 25 ingayambe kulira ku Senga Bay.

Amene munakhalako ku Joni mukudziwa kuti mapampu a ku Johannesburg amagulitsa 93 ndi 95, pomwe ku Durban ndi ku Cape Town, m'mbali mwa nyanja, mumapeza 95. Chifukwa chake n'chomwechi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kumeneko injini imakhutira ndi octane wotsikirapo.

Pamwamba pa zonsezi ine ndinathirapo mafuta a m'chigubu. Palafini ali ndi octane wotsika kwambiri, ndipo oyilo amene asodzi amasakaniza mu petulo wa injini za maboti nayenso amatsitsa octane. Pa nthawi imene injini inkafuna petulo wopirira kwambiri, ine ndinaipatsa wofooka.

Kuno sitisankha petulo

Funso la amalume lija linali lanzeru kuposa kanema wanga. Pa malo omwetsera mafuta a m'Malawi muno, nthawi zambiri mumapeza mipopi iwiri, wa petulo ndi wa dizilo, pena ndi wa palafini. Palibe amene amakufunsani kuti "93 kapena 95?" Petuloyo amabwera kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo mtengo wake amalengeza ndi bungwe la MERA. Ndiye mwini galimoto yakale kuno asavutike ndi funso loti agule petulo uti. Ntchito yake ndi kukonza injini kuti igwirizane ndi petulo amene alipoyo.

Petulo wathu ali ndi chinthu china chimene achinyamata ambiri sitichidziwa. Dziko la Malawi linayamba kusakaniza ethanol mu petulo mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe popanga shuga. Ku Dwangwa ndi kumpoto kwa Salima pa msewu womwewu wa M5, kupitirira Nkhotakota. Pambuyo pake kunabwera fakitale ya PressCane ku Chikwawa. Mayiko ambiri ayamba zimenezi posachedwa, ife tili nazo zaka zoposa 40. Mlingo wake umatha kufika magawo 20 pa 100, malinga ndi kupezeka kwa ethanol.

Pa nkhani ya knock, ethanol ndi bwenzi, chifukwa octane wake amapitirira 100 ndipo amakweza wa petulo amene wasakanizidwa naye. Mavuto ake ali kwina. Choyamba, lita imodzi ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu poyerekeza ndi lita ya petulo, ndipo carburettor yakale siidziwa kudzisintha yokha. Imatha kumapereka mafuta ochepa poyerekeza ndi mpweya, injini n'kumatentha kwambiri. Chachiwiri, ethanol amadya mphira zakale: mapaipi, kachikopa ka mu pampu ya mafuta ndi ma seal a mu carburettor. Paipi yong'aluka pamwamba pa injini yotentha ndi chiyambi cha moto. Chachitatu, ethanol amakoka chinyezi, chomwe kunyanja sichisowa. Galimoto ikakhala miyezi osayenda, madzi ndi ethanol zimatha kupatukana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki. Thanki imachita dzimbiri, ndipo petulo wotsala pamwambayo amakhala ataluza gawo la octane wake. Galimoto zakale zambiri zimayenda pa zikondwerero zokha, ndiye vuto limeneli ndi lathu ndithu.

Nanga "super" uja agogo ankamutchula?

Akuluakulu akamati petulo wakale anali wabwino, amanena za petulo wa mtovu. Mu 1921 katswiri wina wa ku General Motors, Thomas Midgley, anapeza kuti mankhwala ena a mtovu amaletsa knock, ndipo kwa zaka zambiri dziko lonse linkawathira mu petulo. Mtovuwo unkatuluka ndi utsi n'kulowa m'magazi a anthu, ndipo unkawononga kwambiri ubongo wa ana. Mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anausiya pofika mu January 2006, ndipo dziko lomaliza, Algeria, linamaliza kuugulitsa mu 2021. Palibe chifukwa choulirira.

Komabe mtovu unkagwira ntchito ina yachiwiri: unkasiya kansalu kopyapyala pamalo pamene ma valve otulutsa utsi amakhala, n'kumateteza kuti pasadyeke. Injini zimene mutu wake ndi wa chitsulo cha cast iron, monga Land Rover zakale za petulo, ndi zimene zili pachiopsezo chachikulu, makamaka zikamayenda mtunda wautali pa liwiro kapena ndi katundu wolemera. Za mutu wa aluminiyamu, monga 504, zili ndi timphete tachitsulo toikirira pamalopo ndipo zimapirira bwinoko. Chizindikiro chake n'choti mpata wa ma valve umangochepa nthawi iliyonse makanika akauyeza. Mankhwala othira mu thanki olowa m'malo mwa mtovu alipo, koma njira yokhalitsa ndi kuikitsa timphete tolimba tsiku limene mutu wa injini udzatsegulidwe. Dziwani kuti iyi ndi nkhani yosiyana ndi ya octane. Anthu ambiri amazisakaniza n'kugula botolo lolakwika.

Kunena za mabotolo, a octane booster aja muziwerenga bwino. Ambiri akalemba kuti amakweza ndi "3 points" amatanthauza 0.3, kuchoka pa 93 kufika pa 93.3. Ndalama imeneyo ndi bwino kulipira makanika wodziwa timing.

Zimene tikuchita tsopano

Kuchokera tsiku limenelo, ine ndi amalume tinagwirizana malamulo angapo, ndipo ndikukupatsani ulele.

Mafuta timagula papampu pokha. Mzere ukatalika timadikira, kapena Pijo imagona. Kugulitsa petulo m'zigubu popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo, ndipo simungadziwe chimene chili m'katimo. Maola atatu a pamzere ndi otchipa kuposa pisitoni imodzi.

Timing timaiyesa kumene galimoto ikukagwira ntchito. Injini ikatentha bwino, pa msewu wosalala, ikani giya yomaliza pa liwiro la makilomita 40 kapena 50 pa ola, tsekani wailesi, pondani moto. Mukamva timiyala, makanika abweze timing madigiri awiri kapena atatu, muyesenso. Asabweze mopitirira, chifukwa timing yochedwa kwambiri imafooketsa galimoto ndi kutenthetsa injini. Ngati mukuchokera ku Lilongwe, ku Dedza kapena ku Mzuzu kupita kunyanja, siyani mpata, musaiike pamalire.

Pokwera mtunda kapena ponyamula katundu, timatsitsa giya msanga. Knock imakonda injini imene ikuzungulira pang'onopang'ono phazi lili pansi. Mukaimva muli panjira, chotsani phazi, tsitsani giya, kenako pitani kwa makanika.

Rediyeta timaitsuka, lamba wa fani timamuona, ndipo mapulagi timagula a nambala imene buku la galimotoyo linanena. Injini yotentha mopitirira imafuna octane wochuluka kuposa yozizira bwino.

Mapaipi onse a mafuta tinasintha n'kuika atsopano opirira ethanol, tinaikanso sefa yoonekera m'kati kuti dzimbiri ndi madzi tiziziona zisanafike mu carburettor.

Pomaliza, Pijo siikhalanso miyezi ili chiimire. Sabata iliyonse amalume amaiyendetsa mpaka itatentha, ndipo petulo akakhalitsa timamukhetsa tisanapite ulendo wautali.

Ukwati unayenda bwino. Achemwali anatuluka m'tchalitchi n'kulowa mu Pijo yokongoletsedwa ndi maliboni, ndipo amayi anga, omwe anakwera galimoto yomweyo pa tsiku lawo, anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Pa msewu wa ku Senga Bay amalume anayendetsa wailesi ili chitsekere, mutu atapendekera kumbali, akumvetsera. Mkwati sanadziwe chilichonse mpaka pa perekaniperekani, pomwe mlamu uja anaulula kuti petulo wa akwati anali wake ndipo akufuna amubwezere.

Madala a pansi pa mango aja anatilipiritsa ndalama yosakwana ngakhale theka la mtengo wa keke. Potsanzikana anandiitana pambali.

"Mwana wanga, foniyo uziwerenga ndithu, muli nzeru. Koma galimoto ikamalankhula, uyambe wamva kaye iyoyo."

Lolemba tinakwera mapiri a ku Mvera mu giya yachitatu, pang'onopang'ono, ma minibasi akutipitirira. Mpaka kufika ku Lilongwe sitinamve kamwala ngakhale kamodzi.